Kombe Anapita Ulele, Malambe Asatero

Amayi ndi abambo a m'nthambi yathu, ogula malambe afikanso ndi magalimoto awo. Akufuna thumba lathunthu pa mtengo wosakwana ngakhale chitenje chimodzi, ati popeza ndi zipatso za m'tchire zimene sitinalime. Mawu otere si achilendo kuno. Makolo athu anaona zomwezi pa nkhani ya kombe, ndipo ife tifuna muimve bwino.

Kombe ndi chomera choyanga chimene chimapezeka m'chigwa cha Shire. Alenje Achimang'anja ankasinja njere zake napaka pa mivi. Nyama ikalasidwa mtima wake unkaima, iwo nadula mnofu wozungulira bala, yotsalayo nadya osadwala. Kodi nzeru yotere ndi ya anthu osadziwa kanthu?

Pamene Livingstone anakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859, anali ndi dokotala wina, John Kirk. Iyeyu anasunga kombe m'thumba limodzi ndi mswachi wake. Atatsuka mano anamva kuwawa m'kamwa, ndipo mtima wake unayamba kugunda pang'onopang'ono. Njere zinatumizidwa ku Britain. Ku Edinburgh, Thomas Fraser anapatula m'njeremo mankhwala amene anawatcha strophanthin, ndipo mu 1885 anauza madokotala anzake kuti pa muyeso wochepetsetsa amalimbitsa mtima wofooka ndi kuphwetsa kutupa kwa thupi. Posakhalitsa kampani ya Burroughs Wellcome ya ku London inali kugulitsa mankhwalawo m'mabotolo, njere zikuchokera kuno kwathu. M'mabuku awo chomeracho anachilemba Strophanthus kombe. Dzina lathu analisunga, inde, koma phindu linatsala kutsidya kwa nyanja. (Wina asati akayese kombe kunyumba. Ndi ululu wakupha, si mankhwala a pakhomo.)

Tsono malambe. Ufa woyera uja uli ndi vitamini C woposa wa m'malalanje kangapo mukayesa pa sikelo imodzi. Vitamini ameneyu amalimbitsa nkhama, amathandiza zilonda kupola, ndiponso amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'bonongwe ndi m'nyemba, amene amapanga magazi. Mulinso kashiamu womanga mafupa a mwana. M'njere mumatuluka mafuta amene akunja amapangira zodzola. Mu 2008 maiko a European Union analola kuti ufa wa malambe uzigulitsidwa kwawo ngati chakudya. Ndicho chifukwa chake magalimoto afika. Sanadzere chifundo ai.

Chimene chitiwawa ife ndi ichi: mayi agulitsa thumba la malambe, ndalamazo nagulira mwana chakumwa cha m'botolo, madzi a shuga ndi utoto basi. Ife aphunzitsi timawaona anawo m'kalasi, zikope zoyera, akuodzera dzuwa lisanakwere. Anatiphunzitsa kuchita manyazi ndi zakwathu, ndipo phunziro limenelo tinaligwira koposa masamu.

Ena ati njala siyembekeza msonkhano, ndipo wogula akabwerera osagula tidzagwira chiyani? Zoona, sitikana. Koma wogulayo alibe mlambe ku tauni. Amatigonjetsa chifukwa amafika khomo ndi khomo, napeza aliyense ali yekha ndi ngongole yake. Akapeza matumba a mudzi wonse ali pamodzi, pa sikelo yathu, adzalankhula mwaulemu.

Chotero komiti ipempha kuti chaka chino munthu asagulitse payekha. Banja lililonse liyambe lasunga la ana, la phala ndi chakumwa, lisanaganize za msika. Anyamata aleke kugwetsa malambe osakhwima, ndipo ofuna luzi asasende mtengo kuzungulira. Za mtengo wa thumba tidzapangana tonse Loweruka masana, pansi pa mlambe wa pabwalo la a mfumu. Amayi mubwere ambiri, pakuti otola ndinu.

Mlembi wa Nthambi