Tinakadziwana ndi Area 49 pa njinga

Titasamukira ku Area 49 kuchoka ku Kawale, ana anga anatha masabata atatu osadziwa china kupatula geti ndi mpanda wa njerwa. M'mawa minibasi, madzulo m'nyumba. Tsiku lina mzime wanga, wa zaka zinayi, anandifunsa: "Adadi, tibwerera liti kwathu?" Funsolo linandilasa mtima.

Loweruka lotsatira ndinapopa matayala, ndinapinda chitenje cha mayi ake pa kaliyala, n'kumukhazikapo. Ndinamuuza kuti atangadze miyendo, pakuti sipoko sizimvera chisoni chidendene cha mwana. Mkulu wake, wa zaka zisanu ndi zitatu, anatsogola pa kanjinga kake ka pakaunjika.

Lilongwe, yemwe anakhala likulu la dziko mu 1975, anagawidwa m'madera a manambala, koma manambalawo salondolera mlendo. Area 49 yayandikana ndi 25 komanso 47, pomwe 36 ili kutsidya lina la mzinda. Ukalowa m'timisewu ta fumbi, adiresi yeniyeni ndi chigayo, tchalitchi, kapena mtengo wa mango pamphambano. Zimenezi mwana sangaziphunzire pawindo la minibasi. Njinga imayenda pa liwiro loti utha kupereka moni n'kumva yankho lake.

Tisanafike patali, tcheni cha wamkuluyo chinagwa. Tinakankha mpaka pamthunzi pomwe bambo wina amamata machubu a anyamata a kabaza. Sanafulumire. Anamuitana mwanayo, namuonetsa mokolera tcheni pa giya, akuzungulitsa pedulo pang'onopang'ono.

"Yesa wekha, mphwanga," anatero.

Anayesa kawiri, kachitatu chinalowa. Manja anada bii ndi girisi, koma anakana kuwapukuta. Ndalama bamboyo anakana. Anati tidzabwere tayala likadzaphwa. Chapafupi, mayi wogulitsa zitumbuwa anatiyang'ana n'kunena: "Si inu mwalowa nyumba ya geti lobiriwira ija? Takulandirani." Ife tinkadziyesa osadziwika, chikhalirecho anthu anatiwerenga kale tonse, ndi ana omwe.

Pamalo ena okwera tinaona denga la Bingu National Stadium, bwalo lomwe linatsegulidwa mu 2017. Anawo ankangoliona pa kanema. Wamng'onoyo anandikoka malaya kuti tipite konko, ndipo ndinafunadi. Koma titafika pamsewu wa tala ndinaima. Magalimoto, maminibasi ndi njinga zamoto zinali kulimbirana msewu umodzi, ndipo m'mphepete munali mokumbikakumbika. Mwana wa Sitandade 3 akapalasa pati? Izi zimandiwawa kwambiri. Mumzinda momwe makala, nkhuni, ndiwo zamasamba ndi anthu ambirimbiri amayenda pa njinga tsiku lililonse, wopalasa amakhalabe ngati wopempha malo. Akuluakulu oyang'anira misewu ayenera kukumbukira kuti wopalasayo nthawi zina amakhala atanyamula mwana kumbuyo.

Tinabwerera. Panjira ndinafunsa anawo ngati angandilondolere kunyumba, ndipo ndinakhala chete kuti ndione. Wamkulu anakayika pamphambano yachiwiri. Mzime uja, fumbi lili mbuu kumapazi, chitumbuwa chili m'manja, anakuwa ali pa kaliyala: "Pachigayo tikhote! Kenako kwa amayi a zitumbuwa, kenako kwathu!"