Kumwetulira kolamulidwa: mmene Walmart idapunthwira ku Germany

Adzukulu anga, ambiri a ife tikaona mzungu timangoti ndi mzungu basi, ngati kuti onsewo adayamwa bere limodzi. Chikhalirecho wa ku America ndi wa ku Germany ngosiyana monga asiyanira Mchewa ndi Mtumbuka pa nkhani ya ukwati: wina chikamwini, wina lobola. Amene amanyozera kusiyana kotere pa malonda amalipira, ndipo kampani ya Walmart idalipira ndalama zankhaninkhani.

Walmart adaiyambitsa ndi Sam Walton m'chaka cha 1962 ku Arkansas, ndipo idakula mpaka kuposa masitolo ena onse a pa dziko lapansi. Ndi yomweyi imene mu 2011 idagula gawo lalikulu la Massmart, eni ake a masitolo a Game. Ku Germany idalowa mu 1997 pogula masitolo 21 a Wertkauf, ndipo chaka chotsatira idaonjezera ena 74 a Interspar. Pofika mu 2006 idanyamula mphasa: masitolo 85 amene idali nawo idagulitsa kwa kampani ya Metro, nitaya ndalama pafupifupi madola 1 biliyoni.

Tiyeni tione zimene mlendoyu adabwera nazo. Ku America wantchito wa Walmart ankaphunzitsidwa kuti wogula akafika pafupi naye, mtunda wa mamita atatu, amuyang'ane m'maso, amwetulire ndi kumupatsa moni. Kumeneko chimenechi ndi ulemu. Koma Mjeremani samwetulira chisawawa kwa munthu wosamudziwa. Kumwetulira amasungira abale ndi abwenzi, ndipo ulemu wake pa malonda ndi kukupatsa chimene wafuna msanga, pa mtengo woona, popanda zokometsera. Tsono ogula adaona ngati akunyengereredwa, ndipo nyuzipepala zidalemba kuti amuna ena ankayesa kuti amayi olandira ndalama akuwakopa. Ganizani manyazi a mayi wa ana amene walamulidwa kuseka ndi mwamuna aliyense wodutsa pa malo ake a ntchito! Nawo mwambo woti antchito asonkhane m'mawa nkumafuula dzina la kampani mothokoza sudawakomere anthu achikulire a kumeneko. Ngakhale zowaikira ogula katundu m'majumbo zidakanika, pakuti Mjeremani adazolowera kulongedza yekha zimene wagula.

Chimene chidafika ku bwalo la milandu ndi malamulo a khalidwe amene kampaniyi idapereka kwa antchito ake. Mwa zina ankaletsa chibwenzi pakati pa wantchito ndi mnzake amene ali ndi mphamvu pa ntchito yake, ndipo padali nambala ya foni yoti munthu azinenerapo mnzake wolakwa. Kwa mabwana a ku Bentonville, ku likulu la kampaniyi, imeneyi idali njira yotetezera ang'onoang'ono kwa akuluakulu. Kwa anthu amene makolo awo adakhala pansi pa Gestapo, ndipo ena mwa iwo pansi pa Stasi, kuneneza mnzako mwamseri ndi chilonda chosapola; amene adakhalako m'zaka za chipani chimodzi kuno kwathu safunika kuwatanthauzira. Mu 2005 khoti la za ntchito la ku Düsseldorf lidagamula kuti kuletsa chibwenziko nkosemphana ndi malamulo aakulu a dzikolo, amene amateteza ulemerero wa munthu. Komanso ku Germany antchito amasankha komiti yawo pa malo a ntchito, ndipo lamulo limati bwana asaike malamulo otere asadakambirane nayo. Walmart, imene kwawo sifuna kumva za mabungwe a antchito, idalowa m'mudzi osayamba yaonekera kwa amfumu.

Ndisakunamizeni kuti mwambo wokha ndiwo udagwetsa kampaniyi. Idapeza Aldi ndi Lidl atagwira kale msika wa katundu wotchipa. Masitolo ake adali ochepa moti sikadatha kufinya ogulitsa katundu monga imachitira kwawo. Ndipo mu 2000 ofesi ya boma yoona za mpikisano pa malonda idailetsa, pamodzi ndi Aldi Nord ndi Lidl, kugulitsa zinthu monga mkaka pa mtengo wotsika kuposa woodera. Koma zonsezi zidali zodziwika kwa Mjeremani aliyense wa ntchito ya masitolo. Funso ndi lakuti, bwanji mabwana sadazimve? Ine ndikuti apa mpamene mwambo udapweteka kwambiri. Oyang'anira oyamba adachokera ku America, Chingerezi chidakhala chinenero cha m'maofesi, ndipo ambiri mwa akuluakulu amene adawapeza m'masitolo aja adachoka, nzeru za msika nkupita nawo. Paja safunsa adadya phula.

Katswiri wa ku Netherlands, Geert Hofstede, adasanthula mayankho oposa 100,000 a antchito a IBM amene adatoleredwa pakati pa 1967 ndi 1973, ndipo zotsatira zake adazisindikiza mu 1980. Pa muyeso wake wa mpata wa pakati pa bwana ndi wantchito, America idapeza 40 ndipo Germany 35, ngoyandikana ndithu. Pa muyeso wa kudana ndi zinthu zosadziwika mapeto ake, Germany idapeza 65 pamene America idapeza 46. Manambala otere sanena za munthu mmodzimmodzi, ndipo mdzukulu amene angaweruze nawo mnzake wa ku ntchito adzalakwa. Komabe akuonetsa pamene pali mbuna. Wamalonda wopita ku Japan amadziwa kuti wafika kwa eni, ndiye amayamba wafunsa kaperekedwe ka moni. Wopita kwa anthu ofanana naye khungu ndi kavalidwe amayesa ali kwawo.

Tsono wina angati, kodi mlendo azisiya zonse pa chipata? Ayi, pajatu mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa. Aldi yomwe ija idaoloka nyanja nitsegula sitolo yake yoyamba ku Iowa mu 1976, ndipo lero ili ndi masitolo oposa 2,000 ku America. Idapita ndi miyambo yake yachijeremani: wogula amalongedza yekha katundu, amaika kandalama kachitsulo kuti atenge ngolo yoguliramo nkukatenganso akaibweza, ndipo wolandira ndalama amagwira ntchito atakhala pa mpando. Anthu a ku America adayamba adabwa, kenaka adazolowera, chifukwa phindu la mwambo uliwonse ankaliona pa lisiti. Aldi idapempha manja a wogula nimubwezera pa mtengo, ndipo idakula pang'onopang'ono kwa zaka makumi anayi ndi kuposerapo. Walmart idapempha nkhope ya wantchito, mawu ake a m'mawa ndi zinsinsi za mtima wake, ndipo ku Germany sidakwanitse zaka khumi.