Musanagule V8, yambani mwacheza ndi makaniko

Msika wa fodya ukatsekedwa, kapena mwayi ukamugwera munthu kumigodi ya golide ya m'boma la Chifunde, maloto a amuna ambiri kuno ku Cassacatiza amakhala amodzi: galimoto yaikulu. Akufuna Land Cruiser, Prado, Pajero kapena Patrol, ija imati ikaima pamsika ana n'kusiya mpira kudzaizungulira.

Sindikuwadzudzula. Kuchoka pachipata chino cha malire kukafika mumzinda wa Tete ndi mtunda woposa makilomita 250, pamsewu wa N9 umene mathiraki a mkuwa ochokera ku Zambia ndi ku Congo amaupondaponda usana ndi usiku popita kudoko la Beira. Mukapatuka kulowa kumidzi m'nyengo yadzinja, galimoto yapansi imakwirira mimba m'matope. Kufuna galimoto yamsinkhu n'kwanzeru ndithu. Chimene ndikukana n'chakuti mtengo wolembedwa pagalasi ndiwo mtengo wa galimotoyo. Galimoto yaikulu yakale imatsika mtengo chifukwa mwini wake woyamba waona ndalama zimene zatsala pang'ono kutuluka, ndipo wasankha kuti muzilipire ndinu. Akuluakulu adanena kale kuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tiyambe ndi kutentha, poti chigawo cha Tete sichinyengerera injini. Mu Okutobala ndi Novembala, kuchigwa cha Zambezi kumatentha kupitirira madigiri 40. Prado yakale ya injini ya 1KZ, ya malita 3.0, imadziwika ndi amakaniko onse kuti ikawira kamodzi kokha, hedi imang'aluka. Choyambitsa chimakhala chaching'ono: radiyeta yodzaza matope ndi udzu, paipi yamadzi yofuka, kapena madzi a pachitsime othiridwa m'malo mwa mankhwala oziziritsira injini. Koma zikatero mugula hedi yatsopano, gasiketi ndi mabawuti, ndipo galimoto igona pagalaja masiku angapo. Nissan Patrol ya injini ya ZD30, makamaka zoyambirira za m'ma 2000, inatchuka ndi kuboola mapisitoni. Land Rover Discovery 3, imene inapangidwa kuyambira 2004 mpaka 2009, ndi yokoma kukwera, koma ntchito zina zazikulu za painjini yake zimafuna kuti thupi lonse linyamulidwe kuchoka pa chesisi. Ndi galaja iti yapansi pa mtengo imene ingachite zimenezo?

Chachiwiri ndi mafuta. Tonse tikudziwa kuti dizilo wambiri wa m'madera a m'malire amagulidwa m'zigubu, ndipo chigubu sichisankha: fumbi, madzi, nthawi zina palafini. Injini yakale ya 1HZ, ya malita 4.2, imene ili mu Land Cruiser 70 ndi 80 zambiri, imapirira zoterezi kwa nthawi ndithu chifukwa pampu yake siyendera kompyuta. Injini ya V8 yadizilo ya mu Land Cruiser 200, imene inatuluka mu 2007, ndi nkhani ina. Imapopera mafuta ndi mphamvu yaikulu kudzera m'timabowo tosaoneka ndi maso, moti timadzi pang'ono timawononga pampu ndi mainjekita. Mainjekitawo alipo 8, ndipo amisiri amalangiza kusintha onse pamodzi, kenako kuwalembetsa mukompyuta ya galimoto. Mtengo uliwonse umene wogulitsa masipeya angakuuzeni, muuchulukitse ka 8. Onjezani matabo awiri, ndi alitaneta imene inaikidwa mmunsi, pamene matope a dzinja amafika msanga.

Wina anganene kuti, "Basi ndiitanitsa ya ku Japan." Dziwani kuti Land Cruiser 200 imene inkagulitsidwa m'dziko la Japan inali yapetulo yokha. V8 yapetulo ya malita 4.7 ndi injini yolimba, koma m'misewu yathuyi siyenda kutali ndi makilomita 6 pa lita imodzi. Werengani nokha: ulendo umodzi wa ku Tete, kupita ndi kubwera, ndi malita pafupifupi 90, thanki yathunthu. Ndipo sitata yake ikafa musayembekezere ntchito ya ola limodzi, chifukwa inabisidwa pakati pa injini, moti makaniko ayenera kumasula za pamwamba kuti aifikire.

Chachitatu ndi kunsi. Galimoto yolemera matani oposa awiri ndi theka imadya mabushi, mabolojointi, mabering'i ndi mabuleki mofulumira kuposa kagalimoto kakang'ono. Land Cruiser 100 zina, monga Cygnus ndi Lexus LX470, zili ndi miyendo yokwera ndi kutsika ndi mafuta. Discovery ndi Range Rover zimakwera ndi mpweya. Zikakalamba, mumadzuka mmawa n'kupeza galimoto yagwada. Ambiri amangochotsa zonsezo n'kuika masipuling'i wamba, ndipo nazonso ndi ndalama. Ngakhale sevisi wamba ndi wolemera: Corolla imakhuta ndi malita 4 a oyilo, pamene V8 yadizilo imafuna pafupifupi 9. Tayala limodzi la mainchesi 18 limagula matayala angapo a kagalimoto kakang'ono, ndipo pa galimoto yokoka miyendo yonse si bwino kusakaniza latsopano ndi otheratu.

Koma msonkho waukulu umene timalipira ife a ku Cassacatiza ndi mtunda. Munthu wa ku Lilongwe kapena ku Lusaka akathyola chitsulo, amachipeza tsiku lomwelo. Ife timayamba kufunsa ku Katete, m'dziko la Zambia, makilomita oposa 50 kuchokera pamalire pano. Chikasowa, ku Chipata. Chikasowanso, ku Tete kapena ku Lusaka, mwinanso mpaka ku Johannesburg. Pamenepo mwasintha metikali kukhala kwacha kapena randi, mwalipira woyendetsa basi, mwadikira. Chikafika cholakwika, kapena chachinyengo chovala bokosi la kampani yeniyeni, ulendo umayambiranso. Galimoto ikafera panjira ya ku Tete, cha ku Manje, kuikoka kokha ndi mlandu wapawokha.

Ndiye titani? Choyamba, pitani ndi makaniko wanu pokaona galimoto, osati makaniko wa wogulitsa. Mukailize mmawa injini ili yozizira, muone utsi, mutsegule chotsekera oyilo kuti muone ngati mulibe thovu loyera, mugone pansi muone dzimbiri ndi modontha. Makilomita a pawotchi musawakhulupirire okha, amabwezedwa m'mbuyo. Yang'anani kutha kwa chiwongolero ndi mapedulo. Ngati palibe umboni wa tsiku limene lamba wa taimingi anasinthidwa, musinthe musanayende ulendo wautali, pamodzi ndi pampu yamadzi. Ikani sefa yachiwiri ya dizilo yolekanitsa madzi. Ndipo musathere ndalama zonse pogula. Amene watsala opanda kanthu tsiku logula wagula chokongoletsera pabwalo.

Langizo langa ndi ili: gulani galimoto imene makaniko wa pafupi nanu amaidziwa, ndipo masipeya ake amapezeka ku Katete kapena ku Tete. Kwa mlimi kapena wamalonda wa ku Chifunde, Land Cruiser ya 1HZ kapena Hilux yosamalidwa bwino ikuposa V8 yotchipa. Ngati thumba lanu silingagule mainjekita 8 tsiku limodzi popanda kugulitsa ng'ombe, V8 muisiyire eni ake.