Thumba lisakwere lole ndalama isanalowe

Nyengo yokolola ikafika, kuyambira April mpaka July, mafoni a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi amasanduka misika. Mnyamata amene wapuntha soya wa makolo ake kwa Nthondo, kapena wasenda mtedza kwa Chakhaza, sadikiranso venda wa sikelo kuti afike pakhomo. Amajambula matumba, n'kuponya chithunzicho m'magulu a WhatsApp kapena pa Facebook, mtengo n'kulemba pamunsi. Mayi woweta nkhuku pa Mponela, mlimi wa mbatatesi ndi anyezi wa kumtunda, telala wa ku Dzaleka, onsewa apeza ogula a ku Lilongwe, Kasungu ndi Salima amene kale sakanawafikira. Zimenezi n'zabwino ndipo sindikufuna kuti zibwerere m'mbuyo, pakuti mlimi wa kuno wakhala zaka zambiri akugulitsa pa mtengo woikidwa ndi munthu mmodzi yekha amene wafika m'mudzi. Koma pa msika watsopanowu pakuyendanso ogula amene sanabwere kudzalipira, ndipo ogulitsa ambiri akamukayikira munthu amasowa pogwira: ena amapereka katundu chifukwa cha manyazi, ena amapsa mtima n'kumutcha wakuba pagulu. Ine ndikuti njira zonse ziwirizi n'zolakwika. Wogulitsa asadzipatse ntchito yowerenga mtima wa wogula. Akhale ndi lamulo limodzi logwira aliyense, loti katundu sachoka kufikira iye mwini ataona ndalama m'akaunti mwake, ndipo zoweruza munthu azisiyire apolisi ndi khoti.

Machenjera a akathyaliwa si ambiri, amangosintha malaya. Ofala kwambiri ndi a uthenga wabodza. Munthu agwirizana nanu mtengo osanenerera n'komwe, kenako foni ilira, pabwera uthenga wofanana ndi wa Airtel Money kapena TNM Mpamba, dzina lilipo, ndalama zalembedwa, manambala a malonda ali pomwepo. Mukayang'anitsitsa, uthengawo wachokera pa nambala wamba yoyamba ndi 099 kapena 088. Ena amafika pamalo, n'kubwereka foni yanu ngati akufuna kulemba nambala, pomwe akusunga nambala yawo ndi dzina la kampani kuti uthenga wawo uzioneka ngati weniweni. Ena amatumiza chithunzi cha uthenga kapena cha silipi ya kubanki chimene achikonza pa foni. Palinso aja amati atumiza ndalama zopitirira mwangozi, ndiye muwabwezere zapamwambazo msanga chifukwa mwana ali m'chipatala. Mukabweza, mwapereka ndalama zanu zenizeni posinthanitsa ndi ndalama zimene sizinabwere. Patsogolo pake pamabwera foni ya munthu wolankhula mwaulemu amene akuti ndi wa ku kampani, akufuna nambala yanu yachinsinsi kuti akonze vutolo. Zonsezi zili ndi chizindikiro chimodzi: changu. Dalaivala akuchedwa, mvula ikubwera, lole ikuyenera kufika ku Kanengo dzuwa lisanalowe. Wakuba amadziwa kuti mukapeza mphindi zisanu zoganiza, bodza lake latha.

Vutoli si laling'ono. Bungwe loona za mauthenga la MACRA linanenapo kuti Amalawi amaberedwa ndalama pafupifupi K120 miliyoni pa mwezi kudzera m'chinyengo cha pa foni. Apolisi ndi manyuzipepala akhala akunena kwa zaka zingapo kuti ambiri mwa mafoni achinyengowa amaimbidwa kuchokera m'ndende ya Zomba, ndi akaidi amene ali ndi owathandiza kunja. Kalembera wa masimukhadi amene anakakamizidwa mu 2018, pogwiritsa ntchito chiphaso cha unzika, ankayembekezeka kuthetsa zimenezi, koma akathyali anapeza njira yolembetsa manambala ndi ziphaso za anthu ena. Apa pali phunziro kwa wogulitsa: dzina limene likuoneka pa nambala si umboni woti mukulankhula ndi mwini dzinalo. Mwina ndi dzina la gogo wina wa kutali amene anapereka chiphaso chake kwa munthu amene anamulonjeza thandizo.

N'chifukwa chake ndikukana zoti wogulitsa azidalira maso ake. Ambiri amadzitama kuti wakuba amamudziwa ndi malankhulidwe, koma munthu amene ntchito yake ndi kuimba mafoni tsiku lonse amadziwa kulankhula kuposa mlimi amene amagulitsa kamodzi pa chaka. Amadziwa mitengo ya soya sabata imeneyo, amatchula Madisi, Malomo ndi Kamsonga ngati anakulira komweko, amayamba ndi moni wa mwambo n'kutsiriza ndi mawu a Mulungu. Pomwe wogula woona nthawi zambiri ndiye wamwano, wonenerera mpaka kukwiyitsa, wochedwa kuyankha. Mukamayesa anthu ndi maonekedwe, mudzathamangitsa wolipira n'kulandira wakuba. Lamulo lilibe vuto limeneli. Mumatenga foni yanu, mumaimba nokha *211# kapena *444#, kapena kutsegula akaunti yanu ya kubanki, n'kuona ngati ndalama zakwera ndi mlingo umene munagwirizana. Ngati zakwera, matumba akwere. Ngati sizinakwere, palibe chithunzi, lumbiro kapena misozi imene ingasinthe yankho.

Ena anena kuti zimenezi n'zachilendo pa chikhalidwe chathu, kuti kuuza munthu wamkulu kuti adikire muone kaye balansi kuli ngati kumutcha wabodza pamaso. Nkhawa imeneyi ndikuimvetsa ndipo sindikuipeputsa, chifukwa malonda a kumudzi akhala akuyenda pa ulemu ndi pa ngongole za pakamwa. Koma ngongole ya pakamwa inkayenda chifukwa wokongolayo munkadziwa kwawo, nyakwawa yake ndi tchalitchi chake, ndipo akathawa munkadziwa kokadandaula. Munthu wa pa WhatsApp alibe mudzi umene mungapiteko. Komanso alimi omwewa anaphunzira kale kuti sikelo ya venda imafunika kuiyesa asanaikepo thumba, ndipo palibe venda wachilungamo amene amakwiya nazo. Kuona balansi n'chimodzimodzi. Chimene chimachotsa chipongwe ndi kunena lamulolo poyambirira, pa chilengezo pomwe, mtengo usanakambidwe: katundu amanyamuka ndalama zikaoneka m'akaunti. Likanenedwa kwa aliyense, palibe amene angati wanyozedwa. Anthu a ku Dowa asaiwale kuti boma lawo ndi limodzi mwa oyamba m'dziko muno kulandira ndalama kudzera pa makina. Pa njala ya 2006 mpaka 2007, Concern Worldwide ndi Opportunity International Bank of Malawi ankapereka thandizo kwa mabanja oposa 10,000 pogwiritsa ntchito makhadi ndi chidindo cha chala, Airtel Money isanayambe mu 2012 ndi Mpamba mu 2013. Agogo ankaika chala pa makina popanda kumva kuti akuyesedwa akuba. Zidzukulu zawo zisachite manyazi kupempha umboni womwewo.

Chodandaula chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba. M'zigwa zambiri za Ntchisi ndi kum'mawa kwa Dowa netiweki imavuta, munthu amakwera chitunda kuti uthenga ulowe, ndipo nthawi zina ndalama zenizeni zimachedwadi kuoneka, makamaka zochokera kubanki kupita pa foni. Wogula woona akhoza kutopa n'kupita kwa mnzanu. Zoona, ndipo wogulitsa wotsatira lamuloli adzaphonyapo malonda ena. Koma tiyeni tiyeze zinthu ziwirizi. Wogula akachoka, soya akadali m'nyumba, ndipo soya ndi mtedza wouma bwino sizionongeka m'sabata imodzi. Lole ikachoka ndi matumba makumi awiri a makilogalamu 50 pa uthenga wabodza, chapita ndi chaka chonse: mbewu, feteleza amene anakwera mtengo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, aganyu, fizi ya ana. Ndipo vuto la netiweki lili ndi mankhwala ake. Malonda aakulu achitikire pa tawuni, pa Mponela, pa boma la Ntchisi kapena pa Dowa, pafupi ndi ejenti wodziwika, masana, pali mboni. Wogula amene akukana malo otere n'kumaumirira kukumana kumunda madzulo wakuuzani kale zambiri. Ngati wogulayo naye akuopa kulipira asanaone katundu, pakuti ogulitsa achinyengo aliponso, abwere kapena atume munthu adzaone matumba, alipire ali pomwepo, onse awiri aone ndalama zikulowa.

Mbali imene imandidetsa nkhawa kwambiri ndi ya zimene wogulitsa amachita akangokayikira. Pali chinyengo china chimene wakuba safika n'komwe pamalo. Amatenga chithunzi cha matumba anu, n'kuchilengeza kwina ngati katundu wake pa mtengo wotsika. Akapeza wogula weniweni ku Lilongwe, amamuuza kuti atumize ndalama pa nambala yake ndipo akatenge katundu kwa "m'bale wake" kumudzi, amene ndi inuyo. Kwa inu amadzionetsa ngati wogula amene watuma dalaivala. Lole ikafika, wogula uja walipiradi, koma kwa wakuba. Inu simunalandire kanthu. Aliyense akuona mnzake ngati mbava, ndipo wakuba weniweni wazimitsa foni. Taganizirani zimene zingachitike pa msika wodzaza anthu wina akangokuwa kuti wakuba. Dziko lino laona kale anthu akumenyedwa, ena kuotchedwa, pa mphekesera chabe, ndipo apolisi akhala akuchenjeza za mchitidwe wotengera lamulo m'manja. Dalaivala amene wangolembedwa ganyu, kapena wakabaza amene watumidwa kudzatenga nkhuku, akhoza kutaya moyo pa mlandu umene sakuudziwa. Chimodzimodzinso kuponya nkhope ya munthu, dzina ndi nambala yake pa Facebook n'kulemba kuti chenjerani ndi mbava iyi. Ngati nambalayo inalembetsedwa ndi chiphaso chobedwa, ndipo chithunzicho wakuba anachitola pa tsamba la munthu wina, mwaipitsa mbiri ya wosalakwa, ndipo akhoza kukusumirani. Kukayikira kumakupatsani ufulu umodzi wokha, wokana kupereka katundu wanu. Sikukupatsani ufulu womenya, wolanda galimoto kapena wonyazitsa munthu.

Choyenera kuchita n'chosavuta kunena. Imitsani malonda mwaulemu. Musafufute uthenga uliwonse, sungani nambala, nthawi, zithunzi zimene anatumiza ndi nambala ya galimoto ngati yafika. Imbirani kampani ya foni pa nambala yake yodziwika, osati imene wogulayo wakupatsani, ndipo ngati wina akuti watumiza ndalama molakwitsa, muuzeni akadandaule ku kampani kuti ndiyo ibweze. Inu musatumize kanthu. Nambala yachinsinsi musauze munthu aliyense, ngakhale atadzitchula udindo wotani. Kenako kanenani ku polisi. Kupeza katundu mwa bodza ndi mlandu pa gawo 319 la malamulo a milandu, ndipo kuyambira 2016 dziko lino lili ndi lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act limene limavomereza mauthenga a pa foni ndi pa intaneti ngati umboni. Ndikudziwa yankho la ambiri: kupita ku polisi n'kutaya ndalama ya thiransipoti, katundu sabwerera. Nthawi zambiri sabwereradi, sindinganame. Koma nambala imodzi imabera anthu ambiri, ndipo singatsekedwe kapena kulondoledwa ngati aliyense wobedwa angokhala chete chifukwa cha manyazi. Amene wabera wa ku Nambuma lero ndi yemweyo aimbire wa ku Khuwi mawa.

Sindikufuna kuti katundu yense wa nkhaniyi asenzedwe ndi mlimi. Makampani a mafoni amapeza phindu pa ndalama iliyonse yotumizidwa, choncho ali ndi udindo woyankha madandaulo msanga, kutseka manambala achinyengo ndi kulanga maejenti olembetsa masimukhadi ndi ziphaso za eni. MACRA ndi Reserve Bank of Malawi, amene amayang'anira makampaniwa, aziwafunsa kuti madandaulo a anthu a kumudzi amatha bwanji. A ndende atseke njira imene mafoni amalowera m'zitolokosi. Koma zonsezi zitenga nthawi, pomwe soya wa chaka chino sadikira. Chimene chili m'manja mwa anthu a Dowa ndi Ntchisi ndi magulu awo: makalabu a alimi, makopaletivi, mabanki a m'mudzi, ndi oyang'anira magulu a WhatsApp a malonda. Lamulo likakhala la gulu lonse, wogula sangathawire kwa mnansi wofewa mtima, ndipo mayi wamasiye amene akuopa kukana bwana wa galimoto amakhala ndi ponamizira: ndi lamulo la kalabu, si langa.

Choncho ndikupempha atsogoleri a makalabu, mafumu ndi alangizi a zaulimi m'maboma awiriwa kuti nkhaniyi ikambidwe pa misonkhano yokonzekera misika, matumba asanasokedwe. Agwirizane zinthu ziwiri n'kuzilengeza poyera: palibe katundu wochoka mwini wake asanaone yekha ndalama m'akaunti, ndipo munthu wokayikiridwa aperekedwe ku polisi osakhudzidwa ndi dzanja la wina aliyense.