Malo a Chitukuko Chokhazikika m'Maphunziro a Zamalonda

Mawu akuti chitukuko chokhazikika, omwe adatchuka ndi lipoti la Brundtland la 1987, amatanthauza kukwaniritsa zosowa za anthu a lero popanda kulanda mibadwo yamtsogolo mwayi wokwaniritsa zosowa zawo, ndipo amamanga pamodzi chuma, moyo wa anthu ndi chilengedwe. Komabe, wophunzira zamalonda akangowamva ngati nkhani yodzala mitengo nthawi ya dzinja, amaiwala kuti malipiro a antchito, misonkho komanso komwe kampani imataya zinyalala zonse zili m'mawu omwewo.

Amene safuna kuti nkhaniyi ikule m'mayunivesite ali ndi mfundo zomveka. Amatsamira pa ganizo la katswiri wa zachuma Milton Friedman, yemwe mu 1970 adalemba kuti udindo wa kampani ndi kuchulukitsa phindu mosaphwanya malamulo, ndipo amawonjezera kuti zaka zinayi za digiri n'zodzaza kale, kotero phunziro latsopano lingadye nthawi ya maluso monga kuwerengera ndalama, amene olemba ntchito amayamba kufunsa.

Mbali inayo imayankha kuti phindu lenilenilo limadalira nthaka, madzi ndi anthu, ndipo n'chifukwa chake mu 2007 bungwe la United Nations lidakhazikitsa mfundo za PRME zothandiza sukulu zamalonda kuphunzitsa utsogoleri wosamala. Umboni uli pafupi, pakuti namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire mu Januwale 2022, Malawi adataya mphamvu pafupifupi mamegawati 130, moti mafakitale adadalira majenereta a dizilo, pomwe owotcherera zitsulo ndi eni zigayo ankagona pantchito kudikira magetsi a usiku. Wowerengera ndalama amene sadaphunzire kuyika chiopsezo chotere m'bajeti amapatsa kampani chithunzi choperewera.

Dandaulo la kuchepa kwa nthawi ndi loona, koma likutsutsa phunziro lapadera lokha, lomwe wophunzira amaloweza n'kuliiwala mayeso akatha. Njira yabwino ndi kulowetsa nkhaniyi m'maphunziro omwe alipo kale, kuti wophunzira kagulidwe ka katundu afunse komwe nkhuni zoumitsira fodya zachokera, ndipo wophunzira zangongole awerengere chilala asanavomereze ngongole ya mlimi. Mayunivesite ayambe ndi kusula aphunzitsi awo, chifukwa mphunzitsi sangagawe nzeru imene iye mwini sadailandire.