Ana Ambiri, Chimangirizo Chimodzi

Chaka chiri chonse, nyengo yoyeserera kuphunzitsa ikakwana, ife aphunzitsi a pa koleji timayenda m'sukulu kukaona mmene ophunzira athu alikugwirira ntchito. Pa ulendo wina wotere tinafika pa sukulu ina ya kumudzi, ndipo mphunzitsi wachinyamata wa Sitandade 7 anatipatsa mulu wa makope amene anali atangochonga kumene. Mutu wa chimangirizo unali "Ulendo Umene Sindidzaiwala". Titawerenga makope asanu oyamba tinayesa kuti tirikubwereza kope limodzi lomwelo. Mwana aliyense anadzuka tambala woyamba atalira, nasamba, navala zovala zake za pa Khirisimasi. Aliyense anakwera basi yopita ku Blantyre, ndipo basi ya aliyense inaphulika tayala pa njira. Aliyense anatsiriza ndi mau akuti tsiku limenelo sadzaliiwala moyo wake wonse. Komatu titafunsa m'kalasimo, tinapeza kuti ambiri mwa anawo anali asanafikepo ngakhale pa boma la kwawo lomwe.

Kope limodzi lokha linali losiyana. Mtsikana wina analemba za tsiku limene agogo ake anamtuma ku chigayo ndi thumba la chimanga pa njinga yobwereka. Thumbalo linang'ambika pa mlatho wa mitengo, ndipo iye anatha masana onse alikutola chimanga m'fumbi, alikuingitsa nkhuku za eni mudzi, alikulingalira bodza loti akanene kunyumba. Potsiriza anakanena zoona. Chimangirizo chimenechi ndicho chinalandira malikisi ochepa koposa. M'mphepete mwake mphunzitsi analemba ndi inki yofiira kuti munalibe mwambi, ndiponso kuti chiyambi chake sichinatsate chitsanzo.

Sitingamdzudzule mphunzitsiyo tisanadziyang'ane tokha, pakuti chitsanzo chimene iye analemba pa bolodi anachitenga m'manotsi a ku koleji. Ife tinachipereka kamodzi kuti tisonyeze chiyambi, thunthu ndi mathero. Iye anachisandutsa lamulo. Ana anachiloweza pamtima. Umu ndimo kalembedwe kamafalira. Mphunzitsi akawerenga chimangirizo cha mwana mmodzi pamaso pa anzake nachiyamika, ana onse amamva kuti malikisi ali m'mau amenewo. Sabata yotsatira mau omwewo apezeka m'makope khumi. Chaka chikatha kope lija lipita kwa mng'ono wake, ndipo mphunzitsi akasamutsidwa anyamula chitsanzo chake kunka nacho ku boma lina. Mwa njira iyi chiganizo chimodzi chikhoza kuyenda kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje popanda munthu wodziwa amene anachiyamba.

Kutsanzira sikunayambe lero, ndipo pakokha sikulakwa. Buku Lopatulika litatuluka lathunthu mu 1922, linakhala buku limene anthu ambiri a m'sukulu za mishoni analiwerenga koposa ena onse. Womasulira wake wamkulu, William Murray, ndi anzake anatsata kafotokozedwe ka Chihebri, kamene kamalumikiza zochitika ndi kamau kamodzi kobwerezabwereza, ndipo m'Chinyanja kamauko kanakhala "ndipo". Werengani kalata ya gogo wina aliyense wophunzira ku mishoni, mudzamumva "ndipo" ameneyo alikutsegula ziganizo zake. Mu 1933 Samuel Josia Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, anatulutsa Nthondo, mbiri ya munthu wolowerera pa unyamata wake, wopita kutali kukafuna ntchito, wobwera kwawo natembenuka mtima. Nkhani za mwana wosamvera amene achoka pamudzi nakaona zowawa zinachuluka pambuyo pake, ndipo mpaka lero ana athu amazilemba. Masiku ano tirikuonanso mtundu wina wa kutsanzira: mwana wozolowera mauthenga a pa lamya ya m'manja amalemba "kt" m'malo mwa "kuti" m'kope la sukulu, osati chifukwa wina anamphunzitsa, koma chifukwa anaona anzake alikutero.

Tsono tiyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri. Pali mbali ina ya kulemba imene tifuna kuti ana onse afanane. Chichewa chitasankhidwa mu 1968 kukhala chilankhulo cha fuko, bungwe la Chichewa Board, limene linakhazikitsidwa mu 1972, linatulutsa malamulo a kalembedwe ka mau mu 1973, niliwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990. Mwana akamalemba "chaka" m'malo mwa "caka" wa m'mabuku akale, akamaika keyala ndi tsiku pa malo pake m'kalata yantchito, alikutsanzira, ndipo achita bwino. Koma pali mbali inanso imene kufanana kuli matenda, ndiyo zimene mwana waona, zimene wamva ndi zimene aganiza. Ana makumi asanu ndi limodzi sangakhale ndi ulendo umodzi. Tikalandira ulendo umodzi kwa onsewo nitiupatsa malikisi, tawaphunzitsa kuti kulemba ndiko kunama mwaulemu.

Makolo athu anaidziwa bwino nkhani imeneyi. Mtsikana amaphunzira nyimbo ya pamtondo pomvera amayi ake ndi azakhali ake. Maimbidwe ake ndi akale, ndipo kagundidwe ka munsi ndi komweko. Koma tsiku limene iye adzakhala ndi chake chomuwawa, kaya ndi mwamuna woledzera kaya ndi apongozi olongolola, adzaika mau ake m'nyimbo yomweyo, ndipo mudzi wonse udzamva kuti akunena za yani. Anabwereka chotengera, koma za m'katimo ndi zake. Ana athu m'kalasi timawabwereka chotengera pamodzi ndi za m'kati zomwe, kenaka nkudabwa kuti alibe chonena.

Tidziwa chimene ena mwa inu mudzayankha. Mudzati kuyambira mu 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere, makalasi anadzaza kotero kuti mphunzitsi mmodzi sangathe kulera kalembedwe ka mwana aliyense payekha. Mudzati mabuku owerenga ndi ochepa, ndipo mayeso a Sitandade 8 sadikira munthu. Chitsanzo choloweza chimapulumutsa mwana wofooka kuti asapereke pepala loyera. Mau amenewa ali ndi choonadi chake, ndipo sitinena kuti mutaye zitsanzo. Koma ganizirani kuti mwana woloweza ulendo wa pa basi adzatani mutu ukadzakhala wa maliro kapena wa kusefukira kwa madzi. Adzaumiriza basi yake kulowa m'mutu umene suifuna, ndipo wochonga adzaona msanga kuti sanayankhe funso. Ganiziraninso za tsiku limene mwanayo, atakula, adzafunika kulemba kalata yodandaula za malire a munda wake, kapena kufotokozera achipatala mmene matenda a mwana wake anayambira. Pamenepo sipadzakhala chitsanzo pa bolodi.

Nanga tichite chiyani? Choyamba, musapereke chitsanzo chimodzi. Perekani zitatu zosiyana pa mutu umodzi, china choyamba ndi mau a munthu alikulankhula, china ndi malo, china ndi funso, kuti ana aone kuti makomo olowera m'nkhani ndi ambiri. Mukakambirana, fufutani bolodi ana asanayambe kulemba.

Chachiwiri, sankhani mitu imene chitsanzo sichingayankhe. "Zimene Ndinaona pa Chigayo Loweruka" kapena "Mmene Amayi Anga Amaphikira Thobwa" ndi mitu youmiriza mwana kukumbukira m'malo moloweza. Asanalembe, alole afotokozere mnzake wokhala naye pafupi kwa mphindi zisanu. Zimene pakamwa panena, dzanja silivutika kuzilemba.

Chachitatu, samalani ndi kuyamika kwanu, pakuti ndiko mphepo imene imaulutsa mbewu. Mukawerenga ntchito ya mwana pamaso pa anzake, nenani chenicheni chimene mwayamika. Musangoti "walemba bwino". Nenani kuti wationetsa nkhuku zija mpaka taziona ndi maso. Pamenepo anzake adzatsanzira kupenyetsetsa kwake, osati ziganizo zake. Ndipo sabata iri yonse muwerenge ntchito ya mwana wina.

Chachinayi, za miyambi. Mwambi ndi mchere wa nkhani, koma tawonapo "mutu umodzi susenza denga" ali m'chimangirizo chofotokoza mvula ya matalala, chifukwa mwanayo anamva kuti mwambi uli wonse uli ndi malikisi ake. Akulu sathira mwambi pokhapokha mlandu utaufuna. Phunzitsani ana chomwecho, ndipo musalange chimangirizo chabwino chifukwa chakuti chiribe mwambi.

Chotsiriza chikhudza inu eni. Mphunzitsi wowerenga buku limodzi amabala kalasi la mau amodzi. Werengani Nthara, Gwengwe, Chadza, Ntaba ndi Zingani, mumve mmene aliyense amayendetsera Chichewa mosiyana ndi mnzake, ndipo muziwerengera ana ndime imodzi kapena ziwiri za olemba osiyanasiyana. Mwana wotsanzira munthu mmodzi amakhala chithunzithunzi cha munthuyo, koma wotsanzira anthu asanu amayamba kusankha, ndipo posankhapo mpamene mau ake a iye mwini amabadwira.

Tisanachoke pa sukulu ija tinapempha mphunzitsiyo kuti awerengenso makope awiri, la basi ndi la chigayo, natiuze limene angathe kulifotokoza mawa lake osayang'anamo. Anawerenga, nakhala chete kanthawi, kenaka anatenga cholembera chake chofiira nasintha malikisi. Inunso posachedwa mudzakhala ndi mulu wanu wa makope, ndipo m'kati mwake mudzakhala kope la mwana amene walemba zimene anaona. Mulifunefune, ndipo mukalipeza musalilange.