Einstein sanagwe, chingwe ndicho chinali cholowa

Nthawi ndi nthawi pa WhatsApp pamabwera kankhani koti asayansi apeza chinthu chothamanga kuposa kuwala, ndiye kuti Einstein ananama. Anzanga, musanatumize ku gulu lina, dziwani kuti nkhaniyi ndi ya 2011 ndipo inatha kalekale.

Mu Seputembala chaka chimenecho, gulu la asayansi la OPERA linalengeza kuti tinthu tosaoneka totchedwa neutrino, tochokera ku CERN kufupi ndi Geneva, tinadutsa pansi pa nthaka makilomita 730 n'kufika ku Gran Sasso, ku Italy, ma nanosecond 60 kuwala kusanafike. Nanosecond ndi gawo limodzi la sekondi yogawidwa kabiliyoni. Kanthu kochepetsetsa, eti? Koma zikanakhala zoona, zikanagwedeza chiphunzitso cha Einstein cha 1905, choti palibe chinthu chopitirira liwiro la kuwala, makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi.

Mu Febuluwale 2012 vuto linapezeka: chingwe cha fibre chotengera nthawi ya GPS ku wotchi yawo sichinalumikizidwe bwino. Gulu lina la ku Gran Sasso komweko, ICARUS, litayeza linapeza kuti neutrino sipitirira kuwala. Mu Malichi mtsogoleri wa OPERA, Antonio Ereditato, anatula pansi udindo.

Ambiri anawaseka, koma ine ndili kumbali yawo. Sananene kuti Einstein wagwa. Anaika manambala awo poyera n'kupempha ena kuti awafufuze, ndipo cholakwikacho anachipeza okha. Chondidandaulitsa n'chakuti mutu wa nkhani yoyamba ukuyendabe pa mafoni, pomwe nkhani ya chingwe inatsalira panjira.

Foni yomwe mukuwerengerayi imadalira Einstein yemweyo. Mawotchi a masetilaiti a GPS amatsogola ndi ma microsecond 38 patsiku poyerekeza ndi athu pansi pano. Popanda kuwakonza potsatira chiphunzitso chake, Google Maps ikanaphonya ndi makilomita pafupifupi 10 tsiku lililonse: muli pamsika kwa Goliati, iyo n'kukuikani pakati pa minda ya tiyi.

Ku Ndata, pafupi pomwepa, kuli MUST, yunivesite ya sayansi yomwe inatsegulidwa mu 2014. Ndingakonde ophunzira akumeneko atamapita m'masekondale ozungulira Goliati kukafotokoza nkhani ya chingwechi m'Chichewa, ana a Fomu 3 n'kuwafunsa mafunso mpaka atope.